Kuphedwa kwa Aameniya mu 1915: momwe mbali ziwiri zimakumbukira

M'zaka za 1915 ndi 1916, Nkhondo Yoyamba Yapadziko Lonse ili mkati, boma la Ufumu wa Ottoman lidachotsa anthu a mtundu wa Aameniya m'midzi ndi m'mizinda yawo, m'dera lomwe lero ndi dziko la Turkey, n'kuwakusira ku chipululu cha Syria. Amuna ambiri adaphedwa ulendowo usadayambe n'komwe. Amayi, ana ndi okalamba adathera m'njira chifukwa cha njala, ludzu, matenda ndi zigawenga. Akatswiri a mbiri yakale amati omwe adafa ndi pakati pa 600,000 ndi 1.5 miliyoni.

Zoti padafa anthu ochuluka, palibe mbali yomwe imatsutsa. Mkangano womwe wadutsa zaka 100 tsopano wagona pa mafunso awiri: kodi boma lidakonza dala kuti anthuwo afe, nanga zomwe zidachitikazo zitchedwe dzina lanji? Aameniya, pamodzi ndi akatswiri ambiri a mbiri yakale, amati kudali kupulula mtundu mwadala. Boma la Turkey limati lidali tsoka la nkhondo lomwe lidagwera Akhristu ndi Asilamu omwe. Kusiyana kumeneku kumaoneka m'mabuku a sukulu, m'zipilala zachikumbutso, m'makhoti ndiponso pa malire a maiko awiriwa, omwe akhala otseka kuyambira mu 1993.

Aameniya mu Ufumu wa Ottoman

Aameniya ndi mtundu wakalekale wa kumapiri komwe kuli phiri la Ararat ndi nyanja ya Van. Mbiri yawo imati ufumu wawo udalandira Chikhristu m'chaka cha 301, ndipo zilembo zawozawo adazikonza Mesrop Mashtots cha m'ma 405. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, dziko lawo lidali logawika pawiri: kum'mawa kumalamulidwa ndi Russia, kumadzulo ndi Ufumu wa Ottoman, womwe likulu lake lidali Constantinople, mzinda womwe lero ukutchedwa Istanbul.

Mu ufumuwo, womwe olamulira ake adali Asilamu, Akhristu ndi Ayuda amaloledwa kupembedza ndi kuyendetsa sukulu zawo, koma pamaso pa malamulo sadali ofanana ndi Asilamu. Aameniya ambiri adali alimi a m'midzi ya kum'mawa. Ena adali amalonda, amisiri, madokotala ndi ogwira ntchito m'boma. Chiwerengero chawo nachonso ndi nkhani ya mkangano: kalembera wa boma wa 1914 adapeza pafupifupi 1.2 miliyoni, pomwe ofesi ya mkulu wa mpingo wawo ku Constantinople idawerenga pafupifupi 2.1 miliyoni.

Panthawiyi ufumuwo udali ukuphwasuka. Udagonja kwa Russia pa nkhondo ya 1877 mpaka 1878, ndipo pa nkhondo za ku Balkan za 1912 ndi 1913 udalandidwa pafupifupi malo ake onse a ku Ulaya. Asilamu ochuluka adaphedwa kapena kuthamangitsidwa kumeneko, n'kufika ku Anatolia ali manjamanja. Olamulira adayamba kuona Akhristu otsalawo ngati khomo lomwe adani angadzalowere. Aameniya nawo adali kupempha chitetezo cha miyoyo ndi minda yawo, ndipo ena adakhazikitsa zipani zomwe zidali ndi zida. M'zaka za 1894 mpaka 1896, mu ulamuliro wa Sultan Abdul Hamid II, Aameniya pafupifupi 100,000 kapena kuposerapo adaphedwa. Mu 1909 enanso pafupifupi 20,000 adaphedwa m'chigawo cha Adana.

Zomwe zidachitika mu 1915

Ufumu wa Ottoman udalowa nkhondo kumapeto kwa 1914 ku mbali ya Germany ndi Austria-Hungary. Mphamvu zenizeni zidali m'manja mwa atsogoleri a chipani cha Committee of Union and Progress, makamaka Talat Pasha, nduna ya zam'dziko, Enver Pasha, nduna ya zankhondo, ndi Cemal Pasha. Mu Januwale 1915 gulu lankhondo la Enver lidagonjetsedwa koopsa ndi Russia m'mapiri a chipale a Sarikamish, ndipo mlandu wa kugonjako udakankhiridwa kwa Aameniya. Asilikali achiameniya a m'gulu lankhondo la ufumuwo adalandidwa mfuti n'kuikidwa m'magulu okonza misewu ndi kunyamula katundu, komwe ambiri adaphedwa.

Mu Epulo, Aameniya a mumzinda wa Van adatenga zida n'kudzitchinjiriza mpaka asilikali a Russia atafika mu Meyi. Usiku wa pa 24 Epulo, apolisi ku Constantinople adagwira atsogoleri achiameniya oposa 200: olemba mabuku, atolankhani, ansembe, aphunzitsi ndi madokotala. Ambiri mwa iwo, kuphatikizapo alakatuli Daniel Varoujan ndi Siamanto, adaphedwa. Wansembe Komitas, yemwe adasonkhanitsa nyimbo zamakolo za mtundu wake, adapulumuka koma adasokonezeka mutu ndipo adamwalira m'chipatala pafupi ndi Paris mu 1935.

Kumapeto kwa Meyi boma lidakhazikitsa lamulo lolola asilikali kusamutsa anthu. Mizere ya anthu oyenda pansi idanyamuka ku Erzurum, Sivas, Harput, Bitlis, Trabzon ndi madera ena kulunjika kummwera. M'njira amaukiridwa ndi apolisi omwe amawaperekeza, magulu a bungwe lachinsinsi la Teşkilât-ı Mahsusa, komanso zigawenga zina za mtundu wa Kurd. Atsikana ndi ana ambiri adatengedwa n'kulowetsedwa m'mabanja achisilamu. Omwe adafika amoyo m'misasa ya m'mbali mwa mtsinje wa Euphrates, ambiri adaphedwa mu 1916 m'dera la Deir ez-Zor. Nyumba, minda ndi masitolo awo zidalandidwa pogwiritsa ntchito malamulo omwe amazitcha katundu wosiyidwa.

Maiko akunja adadziwa nthawi yomweyo. Pa 24 Meyi 1915, Britain, France ndi Russia adachenjeza kuti atsogoleri a ufumuwo adzayankha okha milandu yolakwira umunthu. Kazembe wa America, Henry Morgenthau, amatumiza malipoti kwawo, chimodzimodzinso akazembe a Germany, omwe adali abwenzi a ufumuwo pankhondoyo. Armin Wegner, yemwe amagwira ntchito zachipatala m'gulu lankhondo la Germany, adajambula zithunzi za m'misasa mozemba.

Milandu yomwe idathera m'njira

Nkhondo itatha mu 1918, Talat, Enver ndi Cemal adathawa m'dzikomo. Boma latsopano ku Constantinople lidakhazikitsa makhoti a asilikali, omwe mu 1919 adagamula kuti atatuwo aphedwe, ngakhale iwo padalibe. Akuluakulu ochepa okha ndiwo adanyongedwa. Mmodzi mwa iwo adali Mehmed Kemal, yemwe adali bwanamkubwa wa boma la Boğazlıyan.

Mphepo idatembenuka msanga. Pangano la Sèvres la mu 1920 lidafuna kugawa Anatolia ndi kupereka gawo lina kwa dziko la Armenia. Mustafa Kemal, yemwe pambuyo pake adatchedwa Atatürk, adatsogolera nkhondo yokana panganolo ndipo adapambana. Makhoti aja adayamba kuonedwa ngati chida cha adani omwe adali atalanda likulu, moti mu 1922 nyumba ya malamulo ya ku Ankara idalengeza kuti Mehmed Kemal ndi wofera dziko. Pangano la Lausanne la mu 1923, lomwe lidakhazikitsa malire a Turkey wa lero, silidatchule Armenia n'komwe.

Aameniya ena adasankha kubwezera okha. Pa 15 Malichi 1921, Soghomon Tehlirian adawombera Talat mumsewu wa ku Berlin, ndipo khoti la kumeneko lidamumasula. Mafupa a Talat adabwezedwa ku Istanbul mu 1943 n'kuikidwa mwaulemu wa boma. Kufikira lero, kwa mbali imodzi Tehlirian ndi ngwazi ndipo Talat ndi wakupha. Kwa ambiri a mbali inayo Talat ndi mtsogoleri yemwe adaphedwa mwachiwembu, ndipo dzina lake lili pa misewu ndi sukulu.

Nkhani ya dzina

Mu 1915 liwu lakuti genocide, lomwe limatanthauza kupulula mtundu, kudalibe. Adalipanga mu 1944 Raphael Lemkin, loya wachiyuda wa ku Poland, yemwe adanena yekha kuti tsoka la Aameniya ndi limodzi mwa zomwe zidamuchititsa kuganizira za mlanduwu. Mu 1948 bungwe la United Nations lidavomereza pangano loletsa ndi kulanga mlanduwu. Malinga ndi panganolo, chomwe chimasiyanitsa kupulula mtundu ndi kuphana kwina si kuchuluka kwa akufa ayi, koma cholinga chofuna kuwononga mtundu, fuko kapena chipembedzo, wonse kapena mbali yake. N'chifukwa chake mkangano wonse umazungulira pa cholinga.

Aameniya ali ndi dzina lawolawo lakale, Medz Yeghern, kutanthauza mlandu waukulu. M'Chitekishi, boma limagwiritsa ntchito liwu lakuti tehcir, kutanthauza kusamutsa, kapena limangoti zochitika za 1915. Likafuna kutchula liwu la Lemkin, limaikapo kaye mawu osonyeza kuti n'zongonenera.

Momwe Aameniya amakumbukira

Opulumuka adamwazika. Ena adakhazikika ku Aleppo ndi ku Beirut, komwe dera la Bourj Hammoud lidamangidwa ndi othawa kwawo, ndipo madera ake ena adawatcha maina a mizinda yomwe adasiya, monga Marash ndi Adana. Ena adafika ku Marseille, Buenos Aires ndi California. Bungwe la ku America la Near East Relief lidalera ana amasiye oposa 100,000. Mu 1924, Ras Tafari, yemwe adadzakhala Haile Selassie, adakumana ndi ana amasiye 40 achiameniya ku Jerusalem n'kuwatengera ku Addis Ababa, komwe adakhala gulu loimba malipenga la kunyumba yachifumu ya Ethiopia.

Kwa zaka zambiri chikumbutso chidali cha m'nyumba ndi m'tchalitchi. Agogo amasimba dzina la mudzi, njira yomwe adayenda ndi maina a abale omwe adatsala m'njira. Ena sadasimbe kalikonse mpaka kumanda. Buku la Franz Werfel la mu 1933, lokamba za anthu a m'midzi ya ku Musa Dagh omwe adadzitchinjiriza paphiri mpaka sitima zankhondo za France zitapulumutsa pafupifupi 4,000, lidafalitsa nkhaniyi kwa owerenga a ku Ulaya. Koma ku Armenia komwe, pansi pa ulamuliro wa Soviet Union, mwambo wapoyera sunkaloledwa.

Zinthu zidasintha pa 24 Epulo 1965. Patakwana zaka 50, anthu pafupifupi 100,000 adadzaza misewu ya Yerevan, zomwe zidali zachilendo mu Soviet Union. Patatha zaka ziwiri, chipilala cha paphiri la Tsitsernakaberd chidatsegulidwa. Pali miyala ikuluikulu 12 yowerama mozungulira moto wosazima, ndi nsanja yosongoka yotalika mamita 44. Pa khoma lalitali padalembedwa maina a mizinda ndi midzi komwe anthu adaphedwa. Nyumba yosungiramo umboni idawonjezedwa mu 1995. Chaka chilichonse pa 24 Epulo, chikhamu cha anthu chimakwera phirilo ndi maluwa m'manja, mpaka maluwawo amapanga mpanda kuzungulira motowo. Usiku wa dzulo lake achinyamata amayenda ndi miuni kuchokera pakati pa mzinda.

Mu 2015, pokumbukira zaka 100, mpingo wa Armenian Apostolic udalengeza ku Echmiadzin kuti omwe adafera chikhulupiriro ndi dziko lawo m'zaka zimenezo ndi oyera mtima, ndipo mabelu adalira ka 100. Kuyambira pamenepo, mpingowo suwapemphereranso ngati akufa wamba koma umapempha kuti iwo aziupempherera.

Akuluakulu adati mlandu suwola. Kwa Aameniya ambiri, makamaka omwe ali kunja, kukana kwa boma la Turkey ndi kupitiriza kwa mlandu womwewo, chifukwa munthu sangatsirize kulira maliro omwe mnzake akuti sadachitike momwe akunenera. M'maiko omwe chilankhulo cha makolo chikuzilala pakati pa zidzukulu, chikumbutso cha 1915 ndicho chingwe chomwe chimamanga mtunduwo pamodzi. Nalo phiri la Ararat, lomwe lili pa chizindikiro cha boma la Armenia ndipo limaoneka bwino lomwe kuchokera ku Yerevan, lili mkati mwa Turkey.

Momwe boma la Turkey limakumbukira

Mwana wasukulu ku Turkey akamva za 1915, choyamba kubwera m'mutu mwake ndi Çanakkale, nkhondo yomwe Azungu amaitcha Gallipoli. Kumeneko asilikali a ufumuwo adabweza sitima zankhondo za Britain ndi France pa 18 Malichi, kenako adalimbana ndi asilikali omwe adatsika pagombe pa 25 Epulo, tsiku limodzi chigwidwireni atsogoleri achiameniya aja. Mustafa Kemal adatchukira pomwepo. Choncho chaka chomwe kwa Aameniya ndi cha chiwonongeko, kwa anthu a ku Turkey ndi cha kupulumuka kwa dziko lomwe adani adalizinga mbali zonse.

Mfundo za boma n'zodziwika. Limati kusamutsako kudali kofunika pankhondo, popeza magulu a Aameniya odzipereka adali kumenya nkhondo ku mbali ya Russia ndipo a ku Van adaukira. Limati ambiri adafa ndi matenda, njala ndi achifwamba m'dziko lomwe lidalibe misewu kapena chakudya chokwanira, ndipo chiwerengero chomwe akuluakulu ake akhala akutchula kawirikawiri ndi cha pafupifupi 300,000. Limanenanso kuti Aameniya ambiri a ku Istanbul ndi Izmir sadasamutsidwe, kuti Asilamu ochuluka zedi adafanso m'zaka zomwezo, ndipo kuti magulu achiameniya adapha Asilamu m'madera a Van, Erzurum ndi Erzincan. Pomaliza limati pangano la 1948 silingagwire ntchito pa zomwe zidachitika lisadalembedwe. Mu 1999, mumzinda wa Iğdır pafupi ndi malire a Armenia, mudatsegulidwa chipilala chooneka ngati malupanga oloza kumwamba, chokumbukira Asilamu omwe adaphedwa ndi Aameniya.

Zoti Asilamu wamba adaphedwa ndi magulu achiameniya, makamaka m'zaka zomaliza za nkhondoyo, akatswiri sakana. Koma ambiri amati mfundo za bomazi sizifotokoza chifukwa chomwe amayi ndi ana a m'mizinda ya kutali ndi malo ankhondo, monga Bursa, Izmit ndi Ankara, adasamutsidwira, kapena chomwe ofika ku Deir ez-Zor adaphedwera patatha chaka. Amatchulanso kabuku ka Talat mwini, komwe mtolankhani wa ku Turkey Murat Bardakçı adasindikiza mu 2008, komwe kamasonyeza kuti Aameniya pafupifupi 970,000 adasowa m'kaundula wa boma m'zaka zochepa zimenezo. Mu 1997 bungwe la International Association of Genocide Scholars lidagwirizana kuti kudali kupulula mtundu.

Pali zifukwa zomwe nkhaniyi ili yolemera chotere ku Turkey. Katswiri wa mbiri yakale wa komweko, Taner Akçam, ndi anzake amati ena mwa omwe adamanga dziko latsopano mu 1923 adali a chipani chakale chija, ndipo mabanja ambiri adapindula ndi katundu wolandidwa. Palinso mantha akuti kuvomereza kudzatsegula khomo la chipukuta misozi ndi kulanda malo, mantha omwe mizu yake ili pa pangano la Sèvres. Kusintha kwa zilembo mu 1928, kuchoka ku za Chiarabu kupita ku za Chilatini, kudachititsa kuti mibadwo yotsatira isathe kuwerenga zikalata za makolo ake. Maina a midzi yambiri adasinthidwanso.

Kwa zaka pafupifupi 50 nkhaniyi sinkakambidwa kwenikweni. Ambiri adaimva koyamba kudzera m'mfuti. Mu 1973 Gourgen Yanikian, mkulu wokalamba yemwe adapulumuka, adapha akazembe awiri a Turkey ku California. M'zaka zotsatira, magulu monga ASALA adapha akazembe, ogwira ntchito m'maofesi a ukazembe ndi abale awo oposa 30, ndipo bomba la pabwalo la ndege la Orly ku Paris mu 1983 lidapha anthu 8. Imfa zimenezi zimakumbukiridwa ku Turkey mpaka lero, ndipo zidalimbitsa maganizo akuti nkhani ya 1915 ndi chida cha adani.

Mawu ena mkati mwa Turkey

Si onse ku Turkey omwe amakumbukira monga boma. M'midzi ya kum'mawa, makamaka pakati pa anthu a mtundu wa Kurd, okalamba akhala akudziwa zigwa ndi zitsime momwe anthu adaphedwera, ndiponso mabanja omwe agogo awo aakazi adali Aameniya. Mu 2004 loya Fethiye Çetin adalemba buku lofotokoza momwe agogo ake, omwe ankawadziwa ngati Msilamu, adamuululira atakalamba kuti adabadwa Mkhristu wachiameniya ndipo adalandidwa m'manja mwa mayi awo ali mwana. Bukulo lidachititsa kuti mabanja ena ayambe kufunsa mafunso omwe ankaopa.

Chaka chotsatira, akatswiri adachita msonkhano wa nkhaniyi pa Bilgi University ku Istanbul, khoti litayesa kuuletsa. M'chaka chomwecho mlembi Orhan Pamuk adazengedwa mlandu atauza nyuzipepala ya ku Switzerland kuti Aameniya 1 miliyoni adaphedwa m'dzikomo. Mlanduwo, womwe udatsamira pa gawo 301 la malamulo a milandu, loletsa kunyoza mtundu ndi boma, udathetsedwa kumayambiriro kwa 2006. Mlembi wina, Elif Shafak, adazengedwa mlandu wonga womwewo n'kumasulidwa.

Yemwe adalipira ndi moyo ndi Hrant Dink, nzika ya Turkey ya mtundu wa Aameniya, mkonzi wa nyuzipepala ya Agos. Iye amanena poyera kuti kudali kupulula mtundu, koma amatsutsanso malamulo a ku Ulaya olanga okana, ponena kuti mitundu iwiriyi idzachira pokhapokha ikamalankhulana yokha. Pa 19 Januwale 2007 adawomberedwa kunja kwa ofesi yake ku Istanbul ndi mnyamata wa zaka 17. Pa maliro ake anthu pafupifupi 100,000 adayenda mumsewu atanyamula zikwangwani zonena kuti onse ndi Hrant, onse ndi Aameniya.

Mu 2008 anthu pafupifupi 30,000 adasaina pa intaneti kalata yopepesa Aameniya, ndipo pa 24 Epulo 2010 mwambo woyamba wapoyera udachitika pabwalo la Taksim. Tchalitchi cha pachilumba cha Akhtamar pa nyanja ya Van chidakonzedwa ndi boma, ndipo mu 2010 mudachitika mapemphero koyamba patatha zaka 95. Ofufuza adatulutsanso maina a akuluakulu a boma omwe adakana malamulo a 1915, monga Celal Bey wa ku Aleppo ndi Konya, Faik Ali wa ku Kütahya, ndi Hüseyin Nesimi wa ku Lice, yemwe adaphedwa chifukwa chokana.

Pa 23 Epulo 2014, Recep Tayyip Erdoğan, ali nduna yaikulu, adapereka uthenga wa chipepeso kwa zidzukulu za Aameniya omwe adafa. Chidali chipepeso cha pamaliro, osati cha wolakwa, ndipo uthengawo udakamba za ululu womwe mitundu yonse ya ufumuwo idagawana. Chaka chotsatira, boma lidachita mwambo waukulu wa zaka 100 za Gallipoli pa 24 Epulo, tsiku lomwelo la mwambo wa ku Yerevan, zomwe zidakwiyitsa Aameniya. M'zaka zaposachedwa akuluakulu a mzinda wa Istanbul akhala akukaniza mwambo wapoyera wa tsikuli. Aameniya omwe atsala ku Turkey ndi pafupifupi 60,000, ambiri ku Istanbul, ndipo mudzi wawo womwe watsala ndi umodzi, Vakıflı, m'munsi mwa Musa Dagh.

Maiko ena

Uruguay ndilo lidali dziko loyamba kuvomereza mwalamulo mu 1965, ndipo lero maiko oposa 30 adavomereza. France idakhazikitsa lamulo lake mu 2001. Nyumba ya malamulo ya Germany idavomereza mu Juni 2016, n'kuvomeranso kuti Germany, monga bwenzi la ufumuwo, sidachitepo kanthu kuti iletse. Ku America, nyumba zonse ziwiri za malamulo zidavomereza mu 2019, ndipo Joe Biden adagwiritsa ntchito liwulo mu uthenga wake wa pa 24 Epulo 2021. Papa Francis atalitchula pa misa ya mu Epulo 2015, Turkey idaitanitsa kazembe wake ku Vatican. Boma la Britain silidavomereze.

Zigamulo zoterezi nthawi zambiri zimatsata ndale za nthawiyo: Turkey ndi membala wa NATO, ndipo maiko amayeza kaye ubale wawo ndi Ankara. Nkhani ya ufulu wolankhula nayo idalowapo. Mu Okutobala 2015, khoti la ku Ulaya loona za ufulu wachibadwidwe lidagamula kuti Switzerland idalakwa polanga wandale wa ku Turkey, Doğu Perinçek, chifukwa chokana poyera, koma lidati silikuweruza za mbiri yeniyeniyo.

Malire otseka

Turkey idazindikira ufulu wa Armenia mu 1991, koma idatseka malire mu 1993 pogwirizana ndi Azerbaijan pa nkhondo ya ku Nagorno-Karabakh. Mu 2005 Erdoğan adapempha kuti pakhale komiti ya akatswiri a mbali zonse yofufuza zikalata zakale. Armenia idayankha kuti ubale wa maboma uyambe kaye, ndipo Aameniya ambiri adati zomwe zidatsimikizika kale sizifunika kuzengedwanso. Mu Seputembala 2008 mtsogoleri wa Turkey, Abdullah Gül, adakaonera mpira ku Yerevan, ndipo mu 2009 maiko awiriwa adasaina mapangano ku Zurich, koma nyumba za malamulo sizidawavomereze. Mu Febuluwale 2023, chivomezi chitasakaza kummwera kwa Turkey, mlatho wa Margara udatsegulidwa kwa kanthawi kuti magalimoto a thandizo ochokera ku Armenia adutse.

Mu Seputembala chaka chomwecho, Aameniya oposa 100,000 adathawa ku Nagorno-Karabakh asilikali a Azerbaijan atalanda deralo, ndipo ambiri adaona mizere ya magalimoto awo ndi maso a 1915. Ngakhale zili choncho, nduna yaikulu ya Armenia, Nikol Pashinyan, yakhala ikunena kuti dziko lake liyenera kuika mtima pa malire omwe lili nawo lero ndi kukhala mwamtendere ndi anansi, ndipo mu Juni 2025 adakakumana ndi Erdoğan ku Istanbul. Aameniya ambiri akunja amaona kuti uku n'kugulitsa mafupa a makolo. Ena a m'dzikomo amati dziko la anthu pafupifupi 3 miliyoni, lopanda gombe la nyanja, silingakhale mpaka kalekale ndi zipata zotseka kum'mawa ndi kumadzulo komwe.

Pafupifupi onse omwe adaona 1915 ndi maso awo adamwalira. Chomwe chatsala chili m'zikalata za ku Istanbul, Berlin, Vienna ndi Washington, m'matchalitchi ogumuka a kum'mawa kwa Anatolia, ndi m'zomwe agogo adanong'oneza zidzukulu mbali zonse ziwiri za malire. Pa funso la zomwe zidachitika, akatswiri ambiri adagwirizana kale. Funso lomwe lidakali lotseguka ndi la ndale: ngati boma la Turkey lidzavomere dzinalo, ndiponso ngati maiko awiriwa angatsegulirane malire dzinalo lisadavomerezedwe.